Kodi doko ndi la yani?

M'Chichewa muli kaliwu kamodzi kamene kamasenza ntchito yoposa msinkhu wake, ndiko ka "-a" kolumikiza mayina awiri. Timati mbuzi ya agogo, madzi a m'chitsime, msika wa Rimuka, nyumba ya udzu. Pa mbuzi kaliwuko kakutchula mwini wake, pa madzi kakutchula kumene achokera, pa msika kakutchula malo, ndipo pa nyumba kakutchula chimene anafolera. Khutu la mwini chilankhulo silisokonezeka, pakuti limadziwa kale kuti udzu sungakhale mwini nyumba. Koma tikafika pa mawu oti "doko la Nkhata Bay", "doko la Beira" kapena "bwalo la ndege la Nacala", kaliwuko kamatinyenga mokoma. Kamamveka ngati kakunena kuti dokolo ndi la anthu a ku Nkhata Bay, chonsecho kakungotiuza kumene lili. Amene amasunga makiyi a pachipata ndi kuika mitengo satchulidwa n'komwe.

Ndikulemba ndili ku Kadoma, ndipo ndikudziwa kuti wina wa ku Nkhotakota kapena ku Metangula aseka: munthu wa kumigodi, amene madzi aakulu a kwawo ndi a damu la Claw pa mtsinje wa Muzvezve, angatiuze chiyani za madoko? Wosekayo akumbukire kuti mafuta amene amayendetsa makombi pakati pa Kadoma ndi Chegutu amatsikira ku Beira, n'kukwera ndi paipi kudzera ku Feruka pafupi ndi Mutare. Namondwe wa Idai atawomba mzinda wa Beira mu March 2019, nkhawa ya mafuta inafika mpaka kuno. Akumbukirenso kuti chilankhulo chimene tikulemberanachi ku Zambia ndi ku Mozambique chimatchedwabe Chinyanja, ndipo ku Malawi chinavula dzinalo mu 1968. M'makomboni a Cam and Motor ku Eiffel Flats, a Dalny ku Chakari, ndi m'nyumba za amene ankawomba nsalu ku David Whitehead ku Chegutu, muli ana olankhula chilankhulo cha nyanja amene nyanjayo sanaionepo. Agogo awo anachita kuoloka madzi kuti afike kuno. Bwato tilibe, koma pa nkhani ya doko tili ndi gawo.

Kwa munthu wa m'mbali mwa nyanja kapena mwa Shire, doko, limene ena amalikoka n'kuti dooko, ndi pamene njira ya m'mudzi imathera m'madzi. Pamenepo asodzi amakokera mabwato pamchenga, amayi amatunga madzi ndi kutsuka mbale, ana amaphunzira kusambira, ogula nsomba amadikira ndi mabeseni m'bandakucha. Doko linali ndi mwambo wake. Losambira amuna ndi ili, la akazi ndi ilo, ndipo mwamuna wodutsa pafupi ndi la akazi ankayamba waodira ali patali. Mfumu inkadziwa doko lililonse la m'dera lake. Chimene doko linalibe ndi chipata. Mlendo wofika ndi bwato usiku ankafunsidwa kumene achokera ndi kumene akupita, kenaka n'kumusonyeza pogona. Chiphaso chokochezera panalibe amene ankachidziwa.

Chimodzimodzinso bwalo. Pabwalo ndi pamene mlandu umakambidwa aliyense akumva, pamene gule amatulukira, pamene mudzi umadziona wokha nkhope. Ife a ku Zimbabwe liwuli timalidziwa mpaka m'mafupa, chifukwa m'migodi ndi m'mafamu, kumene makolo athu analibe munda wawo ngakhale manda a makolo awo, bwalo la gule ndi limene anadzilambulira okha. Ndege zitabwera, anthu anaona malo osalala opanda mitengo n'kuwatcha bwalo la ndege. Pa maonekedwe analondola. Koma m'dziko lililonse ndi malo ochepa amene amatchingidwa kuposa bwalo la ndege. Kuno kwathu kufupi ndi Chegutu kuli la asilikali ku Suri Suri, limene m'nthawi ya Rhodesia linkatchedwa Fylde, ndipo munthu wamba wa ku Pfupajena alibe nalo chochita.

Amene tinaphunzira za zilankhulo tinauzidwa kuti liwu likasamukira ku chinthu chatsopano limasiya katundu wina m'mbuyo, ndipo palibe chifukwa cholirira maliro pamenepo. Ndikuvomereza. Sindikupempha kuti doko la Beira tilipezere dzina lina, chifukwa pakamwa pa anthu mamiliyoni sipabwezedwa ndi munthu mmodzi wa digiri. Chimene ndikunena n'chakuti katundu amene mawu awiriwa anasiya m'mbuyo, ufulu wa munthu wamba wofika pamadzi ndi kukhala nawo pamene nkhani ikugamulidwa, ndi amene tiyenera kumulonjerera kwa oyendetsa madoko. Anabwereka mawu athu. Wobwereka amafunsidwa.

Mbiri ya madoko ndi mabwalo a ndege m'chigawo chathu chino ndi ya malo omangidwa kuti atulutse chinthu kapena alowetse mlendo. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linapatsa Angerezi kachigawo ka gombe ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, kuti katundu wa ku Nyasaland azichoka m'sitima zazikulu n'kulowa m'zing'onozing'ono zokwera Zambezi ndi Shire. Njanji yolunjika ku Beira itatsegulidwa mu 1922, katunduyo anatsata njanji, ndipo Chinde anatsala ndi mchenga wake. Kumapeto kwa 1949 ndege za BOAC zotera pamadzi, za mtundu wa Solent, zinayamba kutera pa Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Pamenepo doko ndi bwalo la ndege zinali chinthu chimodzi, madzi omwewo amene asodzi a m'mudzi wa Chembe ankaponyamo makoka. Apaulendo ankatsikira m'boti, n'kukagona pahotela imene inali pagombe pomwepo. Zinatenga pafupifupi chaka chimodzi chokha. Mu 1950 BOAC inasiya ndege za pamadzi chifukwa zotera pamtunda zinali zitaziposa, hotela inatsekedwa posakhalitsa, ndipo a ku Chembe anapitiriza kusodza monga kale.

Olankhula Chichewa amene anayamba kukwera ndege mwaunyinji anali amuna a Wenela. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, bungwe lolemba anthu a m'migodi ya ku Joni linkawanyamula pa ndege zake kuchoka ku Nyasaland kukawatula ku Francistown, kumene ankakwera sitima yapamtunda. Pa 4 April 1974 ndege ya mtundu wa DC-4 yobwerera nawo kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, chifukwa mafuta amene anaithira anali osakanikirana ndi a ndege za mtundu wina. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza ntchito yawo, ali ndi timphatso ta ana m'masutikesi. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu chaka chomwecho. Ndimaikumbukira ngoziyi nthawi zonse ndikamva wina akuti bwalo la ndege ndi chizindikiro cha chitukuko. Chitukuko chilipo ndithu, koma funso loti ndegeyo yabwera kudzatenga chiyani lisamasiyidwe.

Agogo athu a kuno ku Kadoma ndi Chegutu, pamene matauniwa ankatchedwa Gatooma ndi Hartley, ambiri sanaione ndege. Anabwera wapansi kudzera ku Tete, n'kuoloka Zambezi pa bwato kapena pa pantoni, pakuti mlatho wa ku Tete unadzatha m'zaka za m'ma 1970. Boma la Southern Rhodesia litaona kuti migodi ndi minda ya fodya ikusowa manja, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 linaika malole onyamula anthu osalipira, ndipo anthu anawatcha Ulere. Pambuyo pake kunabwera bungwe lolemba anthu limene linatchuka ndi dzina loti Mthandizi. Mayina awiriwa ndi phunziro pa okha kwa wokonda mawu: ulere wa yani, thandizo la yani? Kaliwu kathu kaja kabweranso. Njira inakonzedwa, pooloka panaikidwa, chifukwa chimene chinkaoloka chinali chofunika kwa eni migodi. Ambiri mwa oolokawo sanabwerere, n'kusanduka matchona, ndipo ife ndife zidzukulu zawo.

Gombe lalikulu la Zimbabwe ndi lochita kupanga. Khoma la Kariba linatha mu 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa kuti madzi adzaze chigwa chawo. Anthu amene moyo wawo wonse unali wa mtsinje, olima m'madimba a m'mphepete mwake ndi kuolokerana pa maliro ndi pa maukwati, anakaikidwa kumtunda kouma. Lero tauni ya Kariba ili ndi malo aukhondo oimikamo maboti okhala ndi zipinda zogona, ili ndi bwalo la ndege lotsitsira alendo, ndipo tsidya lina ku Siavonga mahotela andanda m'mbali mwa madzi. Matemba amene timagula pamsika wa Rimuka, amene a ku Lusaka amati kapenta, anachita kubwera nawo kuchokera ku nyanja ya Tanganyika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kuti munthu awaphe afunika chiphaso ndi boti la injini ndi nyali, zinthu zimene mdzukulu wa wosamutsidwa uja sazipeza msanga. Sindikuti mahotela agwetsedwe. Amalemba anthu ntchito, ndipo ena mwa ophika ndi oyendetsa maboti ku Kariba ndi a mtundu wathu womwe. Ndikungoti gombe lija linagawidwa popanda bwalo.

Tsopano nyanja yeniyeni, imene dzina la chilankhulo chathu linachokerako. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi njanji, inalumikizidwa pa nyanja pomwepo, n'kuyamba ntchito mu 1951. Inalowa m'malo mwa Viphya, imene inamira pa 30 July 1946 kumpoto kwa nyanja ndi kupha anthu 145. Zaka zoposa 70 zapita, ndipo kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, Ilala ndiyo msewu, ndiyo ambulansi, ndiyo galimoto ya maliro. Mu 2010 boma la Malawi linapereka ntchito ya sitima za pa nyanja kwa kampani ya ku Portugal ya Mota-Engil pa pangano la zaka 35, ndipo madoko a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba nawonso anadzaperekedwa m'manja omwewo. Kubwereketsa pakokha sindikutsutsa, pakuti bungwe la boma limene linkayendetsa sitimazo kale linali litalefuka, ndipo aliyense amene anakwerapo m'zaka zimenezo amadziwa. Chondivuta ndi ichi: mwa anthu amene amagona pa matumba a usipa m'chipinda chapansi cha Ilala, ndi angati anaonapo tsamba limodzi la panganolo m'Chichewa, m'Chitonga kapena m'Chitumbuka? Sitima ikaima milungu ingapo kuti ikonzedwe, ndi angati amadziwa ngati panganolo limalamula kuti pabwere ina m'malo mwake, ndi ofesi imene angakagogode? Pangano la zaka 35 limadutsa maboma angapo ndi m'badwo wathunthu. Mwana wobadwa tsiku losainira pangano lotere amakhala ndi ana akeake lisanathe.

Likoma ndiye amaonetsa bwino kusiyana kwa mawu athu awiri aja. Kwa zaka makumi angapo chilumbachi chinalibe pokochezera sitima yaikulu. Ilala inkaima pakuya, anthu n'kumatsikira m'timaboti, nthawi zambiri usiku, kenaka n'kumalizitsa ulendo m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu. Nkhalamba, mayi woyembekezera, wodwala wochokera kuchipatala cha kumtunda, bokosi la maliro, onse ankadzera momwemo, mafunde ali pamenepo kapena palibe. Pa chilumba chomwecho pali bwalo la ndege, ndipo tindege tochokera ku Lilongwe timatsitsa alendo a m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja mapazi awo ali ouma. Ntchito yomanga pokochezera inadzayamba mochedwa kwambiri. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula kuti mlendo atere bwino pamene mwini mudzi akuvuuka m'madzi. Zinachitika chifukwa bwalo la ndege linali ndi ofesi yake, sitima ndi ofesi yake, gombe ndi ofesi yake, ndipo panalibe pamodzi pamene munthu wa ku Likoma akanaimirira n'kufunsa kuti choyamba chikhale chiti.

Nsanje ndi Nacala ndidutsapo msanga, chifukwa nkhani zake mukuzidziwa. Pa 23 October 2010 Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, limene kale kunkatchedwa Port Herald, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pambali pake. Boti la feteleza limene linkayenera kukocheza tsikulo linagwidwa ku Mozambique, kumene boma linati njira ya Shire ndi Zambezi iyambe yafufuzidwa. Khoma la konkire lilipo mpaka lero, sitima za katundu palibe. Ku Nacala kuli doko lakuya mwachilengedwe, limodzi mwa abwino kwambiri m'mbali yonse ya kum'mawa kwa Africa, ndipo kampani ya Vale inamanga ndi kukonzanso njanji ya makilomita oposa 900 yochokera ku Moatize, yodutsa m'Malawi, kuti malasha akafike ku Nacala-a-Velha. Mu December 2014 kunatsegulidwanso bwalo la ndege lokongola, lomangidwa ndi Odebrecht ndi ngongole ya ku Brazil, lokwana kulandira anthu 500,000 pa chaka. Amene amadzerapo ndi kachigawo kochepa ka chiwerengerocho. Mu 2016 kampani ya Odebrecht inavomera pamaso pa akuluakulu a zamalamulo ku America kuti inapereka ziphuphu m'maiko angapo, Mozambique ali m'gulu lomwelo. Ngongoleyo imabwezedwa ndi mlimi wa ku Angónia ndi msodzi wa ku Cóbuè amene sanafunsidwe.

Kodi pali kwina kumene zinayenda mosiyana? Chitsanzo chimene chimandikopa chili kutali, ku gombe la kumadzulo kwa America. Ku Seattle, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makampani a njanji anali atagwira pafupifupi gombe lonse la mzindawo. Mu 1911 anthu a m'boma la King County anaponya voti yokhazikitsa bungwe lawolawo, Port of Seattle, kuti gombelo libwerere m'manja mwa anthu. Chimodzi mwa zoyamba zimene bungwelo linamanga ndi doko la asodzi, Fishermen's Terminal, limene linatsegulidwa mu 1914 ndipo likugwirabe ntchito. Lero bungwe lomwelo limayang'anira malo a makontena, bwalo lalikulu la ndege la Seattle-Tacoma, malo oimikamo maboti a anthu wamba ku Shilshole Bay, ndi timapaki ta m'mbali mwa madzi kumene aliyense amafika osalipira. Limatsogoleredwa ndi makomishonala asanu osankhidwa ndi voti, limatolera msonkho kwa eni malo a m'bomalo, ndipo misonkhano yake imachitika poyera. Msodzi, mwini kontena, ndi mayi amene nyumba yake ili pansi pa njira ya ndege amakadandaula pamaso pa anthu asanu omwewo, ndipo akawakwiyitsa amawachotsa pa chisankho chotsatira.

Ndisakunamizeni kuti ndi paradaiso. Gombe limenelo poyamba linali la anthu a mtundu wa Duwamish, ndipo dzina la mzindawo ndi la mfumu yawo. Iwo anachotsedwa monga Atonga a ku Kariba, ndipo voti ya 1911 sinawabwezere kanthu. Mtsinje wa Duwamish unaipitsidwa ndi mafakitale mpaka boma la America linauika pa mndandanda wa malo oyenera kuyeretsedwa mwapadera. Chimene ndikutolapo ndi chimodzi: kumeneko "la" wa m'mawu oti "doko la Seattle" amatchula malo ndi mwini wake nthawi imodzi, ndipo mwiniyo ali ndi njira yodzudzulira wantchito wake.

Wotsutsa wanzeru adzati mpanda wa padoko suikidwa chifukwa cha nkhanza. Akunena zoona. Chichitikireni zauchifwamba za pa 11 September 2001, bungwe loona za maulendo a pa nyanja pa dziko lonse linakhazikitsa malamulo a chitetezo amene anayamba kugwira ntchito mu July 2004, ndipo doko lolandira sitima za maiko ena liyenera kukhala ndi mpanda, zipata ndi alonda, apo ayi sitimazo zimalilambalala. Ngakhale popanda lamulo, pansi pa makina onyamula kontena si pamalo potsukira mbale, ndipo mbuzi pa bwalo la ndege ndi imfa. Mpanda umenewo ndikuulandira. Koma malo a makontena ndi kachidutswa chabe ka gombe. Chimene chimavuta n'chakuti mpanda uli ndi chizolowezi chokula. Ukayamba padoko umafalikira kwa oyandikana nawo, ndipo amene anayendapo ku Senga Bay kapena m'mbali mwa nyanja ku Mangochi anaona nyumba zopumuliramo ndi mahotela zitandandana mipanda mpaka m'madzi, mudzi uli kumbuyo, anthu akudutsa m'kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri kuti akafike pamene agogo awo ankayanika usipa. Malamulo a chitetezo cha sitima alibe mawu pa zimenezo.

Wotsutsa wachiwiri ndi woopsa kuposa woyambayo. Iye adzati: mukufuna bungwe lina losankhidwa, m'maiko momwe bungwe lililonse limasanduka modyera anyamata a chipani? Za ku Seattle zimayenda chifukwa pali okhoma msonkho olemera ndi makhoti olimba. Uyu sindingamuyankhe ndi chitsanzo cha ku America, ndiye ndimuyankhe ndi cha ku Salima. Pa chilumba cha Mbenji, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira mu December mpaka mu April, kuti utaka uswane. Kutseka ndi kutsegula kumachitika pa mwambo, anthu ataitanidwa, ndipo pali komiti yoona kuti lamulo likutsatidwa ndi kuweruza olakwa. Mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Akazi nawonso saloledwa kufikako, ndipo lamulo limenelo ndikanakonda kulimva likutsutsidwa pabwalo ndi amayi amene amagula ndi kuyanika nsombazo. Koma taonani: anthu osapita ku yunivesite asunga doko ndi lamulo lodziwika kwa aliyense kwa zaka pafupifupi 70, nthawi imene chambo chinkachepa m'madera ena a nyanja pamaso pa maofesi okhala ndi maboti a injini. Boma la Malawi lomwe linavomereza mfundoyi pamene linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'midzi ku nyanja ya Malombe m'zaka za m'ma 1990, ndi kuwalowetsa m'lamulo la zausodzi la 1997. Makomitiwo ena anayenda, ena anagwa m'manja mwa mafumu adyera. Komabe palibe anganene kuti anthu athu sadziwa kuyendetsa doko. Amakanizidwa pamene doko lakula n'kuyamba kununkhira ndalama zakunja.

Chotero chimene ndikupempha n'chochepa poyerekeza ndi cha ku Seattle. Boma lisanasaine pangano lobwereketsa gombe, kaya ndi ku Chipoka, ku Metangula, ku Cahora Bassa kapena ku Binga, pa mapu a panganolo pajambulidwe doko la anthu ndi njira yofikirako, ndipo zikhale zosagulitsika. Ngati pali sitima yonyamula anthu, masiku ake ndi chimene chichitike ikawonongeka zilembedwe momwemo, monga mmene amalembera ndalama za lendi. Oimira asodzi ndi apaulendo akhale ndi mpando pamene panganolo likuunikidwa, chaka ndi chaka, ndipo msonkhanowo uchitikire padoko pomwepo, osati m'hotela ya ku likulu. Zonsezi zikhomedwe pachipata m'chilankhulo cha anthu a pamalopo. Apa ndiye pamene ife a zilankhulo tili ndi ntchito yeniyeni, yoposa kukangana ngati tilembe "ch" monga a ku Malawi kapena "c" monga a ku Zambia. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, Chichewa ndi Chitonga zili pomwepo. Ife a ku Kadoma tinakondwera kuona dzina lathu m'buku limenelo titakhala zaka zambiri tikutchedwa Mabhurandaya ndi mayina ena oipa kuposa pamenepo. Koma chilankhulo chovomerezeka chimene sichioneka pa chikwangwani cha padoko, pamene munthu akufuna kudziwa ngati aloledwa kukocheza bwato lake, chavomerezedwa pa pepala pokha. Ku Binga chikwangwanicho chikhale cha Chitonga, ku Metangula cha Chinyanja, ku Chilumba cha Chitumbuka.

Patsala liwu limodzi limene silinakhazikike, ndipo pa limeneli tikadali ndi mpata. Malo aja oimikamo maboti a anthu opeza bwino, amene Angerezi amati marina, alibe dzina m'Chichewa. Womasulira wofulumira amangolemba kuti doko, ndipo potero amapereka liwu lathu kachitatu kwa eni mipanda. Ine ndikuganiza kuti tiwatche khola la maboti. Khola lili ndi mwini wake, lili ndi chitseko chimene chimatsekedwa madzulo, muli ziweto zodziwika kuchuluka kwake, ndipo wolowamo popanda chilolezo ali ndi mlandu. Si chipongwe, pakuti khola ndi chinthu chaulemu ndipo mudzi wopanda makola ndi wosauka. Kungoti womva amadziwiratu kuti afunse mwini wake ndani, ndiponso ngati kholalo lamangidwa panjira ya kumadzi. Malo oterowo akakhala a khonsolo, otsegukira aliyense wokhala ndi boti kapena bwato pa mtengo umene msodzi angaukwanitse, pamenepo ndiye womasulira alembe kuti doko. Anzathu a ku Chipata ndi ku Katete mwina anganene kuti kwawo khola limamveka ng'ombe zokhazokha, ndipo a ku Niassa ayenera kuti ali ndi liwu lawo la pokokera mabwato limene ife a kumigodi tinalitaya panjira ya ku Tete. Ngati lilipo, litumizeni tiliyese pa makola a ku Kariba.